Kodi njanji ingadutse pati? Zimene amayang'ana asanayambe kukumba

Tsiku lina tikuphunzira kuwerenga mapu, mayi wina anakweza dzanja. Anati: "Aphunzitsi, ine caka cino ndakolola nandolo wambiri. Koma ogula akundipatsa mtengo wocepa, ati ulendo wopita ku doko ndi wodula. Nanga bwanji boma silingokoka njanji kucokera ku Mocuba kufika kuno ku Milange? Pa mapu apa si pafupi pomwepa?"

Anzawo anaseka, koma funsolo linali lanzeru. Pa pepala, Milange ndi Mocuba zatalikirana ngati cala cimodzi basi. Mwana wa sukulu angathe kulumikiza malo awiriwa ndi pensulo. Vuto ndi lakuti pensulo siidziwa phiri, siidziwa dambo, siidziwanso pamene pali manda a makolo athu. Sitima ndiyo imakumana nazo zonsezi.

M'nkhani ino tiona mmene akatswiri amasankhira njira ya njanji nchito isanayambe. Werengani pang'onopang'ono. Mukatopa, pumani pa mutu umodzi, mawa mudzapitirize.

Njanji zatizungulira, koma sizinatifike

Tiyambe ndi zimene zilipo. Kumpoto kwathu kuli njanji ya ku Nacala. Imadutsa ku Cuamba, n'kulowa m'Malawi pa Entre Lagos ndi Nayuchi. Kumadzulo, tsidya la malire, kuli njanji yakale yodutsa pa Luchenza. Imeneyi inafika ku Blantyre mu 1908, kucokera ku Nsanje ndi Chiromo. Kumwera kuli njanji ya Sena, yocokera ku Beira kupita ku Moatize. Ca kum'mawa kunali njanji ya Quelimane mpaka Mocuba, yotalika makilomita 145. Anamaliza kuimanga mu 1922, koma masiku ano sitima siyendamonso.

Maganizo obweretsa njanji cakuno si acilendo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Apwitikizi anali ndi pulani yomanga njanji kucokera ku Quelimane mpaka ku mtsinje wa Ruo. Ankafuna kuti izinyamula katundu wa dziko limene lero ndi Malawi. Njanji imeneyo sinafike ku Ruo. Katundu wa ku Malawi anayamba kutulukira ku Beira, ndipo njanji ya ku Quelimane inathera pa Mocuba.

Apa tikuphunzirapo kanthu. Mizere yambiri imajambulidwa, koma imene imasanduka njanji ndi yocepa.

Amajambula njira zingapo

Boma kapena kampani ikafuna njanji, mainjiniya sajambula mzere umodzi ayi. Amajambula itatu, inayi, nthawi zina kuposa apo. Amayamba ndi mapu ndi zithunzi zojambulidwa kucokera mumlengalenga. Kenako amatsika n'kuyenda pansi, kuyeza mitunda ndi kuona mitsinje ndi maso awo.

Pa njira iliyonse amafunsa funso limodzi lalikulu: kodi apa pangamangike? Ndipo pakamangika, padzalimba?

Amafunsa msanga cifukwa kusintha mzere pa pepala sikudya ndalama. Umangofufuta n'kujambula wina. Koma makina akafika ndipo dothi lakumbidwa, kusintha njira kumadya ndalama zoopsa. Inunso mumazidziwa izi. Munthu amene waumba njerwa, wakumba maziko, wafika pa windo, kenako n'kuzindikira kuti pamalopo pamadutsa madzi a mvula, ameneyo walira. Akanafunsa anansi asanakumbe. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Funso lalikulu lija amaligawa m'mafunso asanu. Tiwaone limodzi ndi limodzi.

Funso loyamba: kodi citunda cake n'cotani?

Lole imakwera citunda cifukwa matayala ake ndi a mphira, amagwira msewu. Mawilo a sitima ndi acitsulo, ndipo amayenda pa citsulo cinzake. N'cifukwa cake sitima imatha kukoka katundu wolemera kwambiri pamalo osalala. Koma pa citunda mawilo aja amaterereka, makamaka citsulo cikanyowa.

Conco sitima yolemera imafuna njira yokwera pang'onopang'ono zedi. Kawirikawiri amafuna kuti ikayenda mamita 100, ikwere pafupifupi mita imodzi yokha. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti kutsogolo kuli mtunda wokwera mamita 300. Sitima ifunika njira yotalika mamita 300 kuculukitsa ndi 100. Amenewo ndi mamita 30,000, kapena kuti makilomita 30. Munthu wapansi angakwere mtunda womwewo mmawa umodzi, koma njanji iyenera kuzungulira.

Sitima siikhotanso mwadzidzidzi ngati njinga. Imafuna makona aakulu, okhota pang'onopang'ono.

Ndiye akakumana ndi phiri, mainjiniya amasankha pa zinthu zitatu. Angalizungulire, koma njira imatalika. Angalidule, kukumba ngalande yaikulu yoti sitima idutsemo. Kapena angaliboole, sitima izidutsa pansi, ndipo iyi ndiyo nchito yodula kwambiri. Akakumana ndi cigwa, amathira dothi n'kupanga mtumbira wautali, kapena amamanga mlatho.

Mainjiniya ocenjera amayesetsa kuti dothi limene akumba pa citunda likhale lomwelo lokwirira cigwa capafupi. Zikatero, malole sayenda mtunda wautali. Njira imene ikufuna dothi lambiri locokera kutali imagwa pa mayeso.

Funso laciwiri: kodi madzi amadutsa pati?

Kuno kwathu funso ili ndilo lalikulu kuposa onse. Mtsinje umene mumawoloka ndi mapazi mu Okutobala, mu Januwale umakokolola mitengo ndi nyumba.

Taonani nkhani ya mtsinje wa Zambezi. Kale sitima yocokera ku Beira inkaima pa Murraça, tsidya la kumwera. Yocokera ku Malawi inkaima pa Chindio, tsidya la kumpoto. Katundu ankamutsitsa n'kumuwolotsa pa maboti. M'cilimwe madzi ankacepa, maboti n'kumatitimira mu mcenga. M'dzinja madzi ankasefukira. Atafufuza malo omangapo mlatho, anasankha kumtunda kwa mtsinje, pakati pa Sena ndi Dona Ana. Njanji za mbali zonse ziwiri anazikokera kumeneko kuti zikakumane pa mlathowo. Mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa mu 1935, ndipo ndi wotalika makilomita oposa 3 ndi theka. Mwaona? Pa mtsinje waukulu amayamba apeza malo a mlatho, njanji n'kumatsatira pambuyo.

Taonaninso Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Njanji yakale ya ku Malawi inadutsa m'cigwa cimeneci. Mu 1997 madzi anakokolola mtumbira wa njanji pamenepo. Papita zaka zoposa 25 sitima isakuwoloka malo amenewo. Mu 2015 Ruo anasiyanso njira yake n'kudzicekera ina kufupi ndi Makhanga.

Caka comweco ca 2015, mu Januwale, mtsinje wa Licungo unadula mlatho wa msewu waukulu pa Mocuba. Kumpoto ndi kumwera kwa dziko kunalekana, ndipo madera ambiri anakhala milungu ingapo opanda magetsi. Mu Malici 2023 kunabweranso namondwe Freddy. Ameneyu sindicita kukuuzani, munamuona nokha.

Conco mainjiniya amawerenga mitsinje ndi makhwawa onse a pa njira iliyonse. Pa mtsinje amafuna mlatho. Pa khwawa amafuna kalavati, njira ya madzi yodutsa pansi pa njanji. Samayeza madzi a caka wamba. Amafuna kudziwa pamene madzi anafika pa cigumula cacikulu kwambiri cimene anthu akukumbukira. Kalavati ikacepa, mtumbira wa njanji umasanduka damu. Madzi amadzaza minda ya kumtunda, kenako amaboola mtumbirawo. Madzi saiwala khwawa.

Funso lacitatu: kodi pansi pali ciani?

Njanji imalemera, sitima imalemera koposa. Nthaka iyenera kusenza zonsezi kwa zaka zambiri osatitimira.

Alimi mumaidziwa nthaka kuposa aliyense. Mumadziwa dothi lakuda la m'dambo, limene limafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'cilimwe. Dothi limeneli mpunga umalikonda, koma njanji imadana nalo. Likafufuma limakweza njanji, likauma njanji imatsika, mapeto ake zitsulo zimapindika. Pamalo otere amayenera kucotsa dothi loipalo n'kubweretsa lina, kapena kukhoma mizati pansi. Zonsezi ndi ndalama ndi nthawi.

Mwala ndi wabwino kumangapo, koma kuudula kumafuna kuphulitsa ndi mabomba a miyala. Mcenga suvuta kukumba, koma madzi amautenga mosavuta.

Palinso vuto la m'mbali mwa mapiri. Anthu a ku Milange sanaiwale caka ca 1998, pamene phiri la Tumbine linagumuka ndi mvula. Matope ndi miyala zinatsika n'kupha anthu ambiri. Njanji yodutsa m'munsi mwa phiri lotere ingakwiririke usiku umodzi. Komanso kudula phazi la phiri kungacititse kuti dothi la pamwamba litsetsereke.

Kuti adziwe za pansi, akatswiri amakumba maenje ndi kuboola pansi ndi makina, monga amacitira oboola mjigo. Dothi ndi miyala zimene atulutsa amakaziyeza. Mukadzaona anthu akuboola m'munda mwanu koma osaikapo mjigo, afunseni. Mwina akuyeza nthaka.

Funso lacinayi: zipangizo zidzafika bwanji, ndipo adzamanga liti?

Funso ili anthu ambiri amaliiwala. Njira ingaoneke yabwino pa mapu, koma makina osatha kufikako.

Taganizani zimene njanji imadya. Pamafunika zitsulo ziwiri zazitali. Kuno ku Mozambique ndi ku Malawi zimatalikirana mita imodzi ndi masentimita pafupifupi 7. Mita imodzi yokha ya citsulo cimodzi imalemera makilo 40 kapena kuposa, pafupifupi ngati thumba la simenti. Zitsulozo zimagona pa mitanda, imene masiku ano amaiumba ndi simenti. Pa kilomita imodzi pamalowa mitanda yoposa 1,000. Mitandayo imakhala pa miyala yoswa, ija timati kwale. Miyala imeneyi imafunika yambirimbiri, ndipo iyenera kukhala yolimba, yosafumbutuka.

Ndiye mainjiniya amafunsa: kodi phiri la mwala wabwino lili pafupi? Mcenga wabwino uli kuti? Madzi othira pa dothi polipondereza adzatunga kuti m'cilimwe? Kodi msewu woti malole ndi makina adutse ulipo, kapena tiyambe talambula msewu? Milatho ya pa msewuwo ingasenze makina olemera? Anchito adzagona kuti, adzamwa ciani, akadwala adzapita kuti?

Amafunsanso za nyengo. Dothi lonyowa kwambiri siliponderezeka bwino. Mizati ya mlatho amaikumba madzi akacepa. Conco miyezi ya mvula, kuyambira ca mu Disembala mpaka Malici, nchito ya dothi imaima kapena kuyenda mwaulesi. Kuno tilinso ndi ciperoni, kamvula kowaza ka nthawi yozizira, kamene dzina lake linacokera ku phiri lathu la Chiperone. Njira imene ili ndi milatho ikuluikulu itatu ingafune zilimwe zingapo. Ina yotalikirapo koma ya milatho ing'onoing'ono ingathe msanga.

Funso lacisanu: nanga anthu?

Njanji siidutsa m'cipululu. Imadutsa m'minda, m'midzi, pafupi ndi zitsime ndi manda.

Lamulo la malo la dziko lathu, la caka ca 1997, limati malo a mamita 50 mbali iyi ndi mamita 50 mbali inayo ya njanji ndi otetezedwa. M'malo amenewa munthu sapatsidwa DUAT, cikalata cija ca ufulu wogwiritsa nchito malo. Tiwerengerenso. Mamita 50 kuphatikiza 50 ndi 100. Pa kilomita imodzi ya njanji, amenewo ndi mahekitala 10. Pa makilomita 100 ndi mahekitala 1,000. M'boma lodzaza anthu ngati lathu, minda imeneyo ndi ya mabanja ambiri.

Njanji imadulanso njira. Munda umatsala uko, nyumba kuno. Ana amawoloka popita kusukulu, amayi popita kumjigo, mbuzi ndi ng'ombe popita kumadzi. Malo owolokera ayenera kuganiziridwa mzere usanakhazikike.

Anthu akapanda kumvedwa, nchito imaima. Ku Tete, mabanja oposa 700 anasamutsidwira ku Cateme kuti apereke malo ku mgodi wa malasha wa ku Moatize. Mu Januwale 2012 anthuwo anatseka njanji, sitima ya malasha osadutsa. Ankadandaula za nyumba ndi minda imene anapatsidwa. Caka comweco boma linatulutsa malamulo atsopano a kasamutsidwe ka anthu.

Palinso nkhani ya malire. Njanji ikalowa m'dziko lina, pamafunika pangano la maboma awiri. Pamakhalanso nkhani za kasitomu ndi malamulo a dziko linalo. Ife a m'malire timadziwa kuti pa Muloza thumba la cimanga silingodutsa.

Citsanzo ceniceni: malasha a ku Moatize

Tsopano tione mmene mafunso amenewa anagwirira nchito pa nkhani yeniyeni. Ku Moatize kuli malasha ambiri. Ogula ake ali kutsidya kwa nyanja, ku India ndi maiko ena. Funso linali lakuti: malashawa adzafika bwanji ku doko? Panali njira zingapo.

Yoyamba inali njanji ya Sena, yopita ku Beira, makilomita pafupifupi 575. Inalipo kale, ndipo ataikonza inayamba kunyamula malasha mu 2011. Koma sinkatha kunyamula malasha onse amene makampani ankafuna kukumba. Doko la Beira nalo ndi losaya, amayenera kumacotsa mcenga kawirikawiri kuti sitima zapamadzi zilowe. Mu Febuluwale 2013 mvula inaononga njanjiyi, malasha n'kuima kwa milungu.

Yaciwiri inali mtsinje wa Zambezi. Kampani ya Rio Tinto inkafuna kutsitsa malasha pa maboti aakulu. Mu 2012 boma linakana, poopa kuonongeka kwa mtsinje. Kampaniyi inali itagula migodi yake mu 2011 pa mtengo wa madola pafupifupi 4 biliyoni. Mu 2014 inaigulitsa pa madola 50 miliyoni okha. Cimodzi mwa zifukwa zake cinali kusowa njira yotulutsira malasha. Anagula mbuzi asanaone njira yopita nayo kumsika.

Yacitatu inali njanji yatsopano yopita ku Macuse, kumpoto kwa Quelimane, muno m'cigawo ca Zambézia. Mu 2013 boma linapereka nchitoyi kwa kampani ya Thai Moçambique Logística. Njira yake ndi ya makilomita pafupifupi 500 kapena kuposa, yaifupi poyerekeza ndi ya ku Nacala. Koma zonse zinafunika kuyambira pansi: njanji yonse, milatho yowoloka Shire ndi mitsinje ina, ndi doko lomwe. Zaka 10 zinatha njanjiyo isanamangidwe.

Yacinayi inali ya ku Nacala. Apa panalinso zosankha ziwiri. Ena ankafuna njanji yodutsa m'Mozambique mokhamokha, yozungulira kumwera kwa Malawi. Njira imeneyo inali yaitali, ndipo mbali yaikulu inali yomanga mwatsopano. Kampani ya Vale inasankha kudulira pakati pa Malawi, ndipo mu 2011 inapangana ndi boma la Malawi. M'Malawi anamanga njanji yatsopano ya makilomita oposa 130, kucokera ku Kachaso m'boma la Chikwawa, kudutsa Mwanza ndi Neno, mpaka pa Nkaya ku Balaka. Kucokera pa Nkaya anatsata njanji imene inalipo kale kuyambira 1970, n'kungoilimbitsa. Mtsinje wa Shire amauwoloka pa Liwonde, pamene sitima inkawoloka kale. Njira yonse ndi makilomita 912, ndipo anaitsegulira mwamwambo mu Meyi 2017.

Taonani bwino manambalawa. Beira, 575. Nacala, 912. Yaitali ndiyo inapambana. Cifukwa ciani? Mbali yaikulu ya njira inali yotseguka kale, conco zipangizo zinali ndi podzera. Malo owolokera mtsinje waukulu anali odziwika. Ndipo ku Nacala nyanja ndi yakuya mwacilengedwe, sitima zikuluzikulu zimafika popanda vuto. Sikuti nchitoyo inali yophweka. Ku Mwanza ndi ku Neno kuli mapiri ndi zigwa, anadula miyala ndi kumanga milatho yambiri. Koma inamangika, ndipo sitima zikuyenda.

Tiyese ndi Milange

Tsopano tibwerere ku funso la amayi aja. Zimene ticite apa ndi masewera a m'kalasi cabe, oti tiyesere nzeru. Tinene kuti inu ndinu mainjiniya, ndipo mwapatsidwa njira zitatu.

Njira yoyamba: Milange kupita ku Mocuba. Pa msewu ndi makilomita pafupifupi 200. Ubwino wake, msewu wa tala ulipo, makina angafike. Njira yonse ili m'dziko lathu. Koma Milange ili pamtunda, Mocuba ili kumunsi, conco sitima iyenera kutsika pang'onopang'ono, kuwoloka mitsinje yambiri. Ndipo ikafika pa Mocuba, ilumikizana ndi ciani? Njanji ya ku Quelimane inafa. Ndiye kuti nayonso iyenera kumangidwa.

Njira yaciwiri: Milange kupita ku Luchenza, kudzera pa Muloza. Iyi ndiyo yaifupi kwambiri. Koma imadutsa m'munsi mwa phiri la Mulanje, kumene mitsinje imatsika mwaukali. Imadutsa m'minda ya tiyi ndi m'midzi yothinana. Ilinso m'dziko la eni, conco pafunika pangano ndi Malawi.

Njira yacitatu: kulowera kumpoto, kukakumana ndi njanji ya ku Nacala ca ku Entre Lagos kapena ku Cuamba. Ubwino wake, mukulumikiza ku njanji yamoyo ndi doko lakuya. Koma mukayandikira nyanja ya Chilwa mukumana ndi madambo. Mukawathawa madambowo, mukumana ndi mapiri.

Mungasankhe iti? Palibe njira yopanda vuto. Mainjiniya amalemba njira zonse pa pepala limodzi, n'kuika mafunso asanu aja m'mbali. Njira iliyonse amaipatsa mamalikisi, monga pa mayeso. Ina imagwa nthawi yomweyo cifukwa ca vuto limodzi lalikulu. Zotsalazo amaziyezanso mozama.

Pamwamba pa zonsezi pali funso lina la ndalama: kodi katundu woti adzaze sitima alipo? Njanji ya ku Nacala anaikonzera malasha okwana matani 18 miliyoni pa caka, ndipo malasha amakumbidwa caka conse. Nandolo, cimanga ndi soya zimabwera pa nyengo yake. N'cifukwa cake m'madera a ulimi boma limayamba ndi msewu. Kwa mlimi wa ku Milange lero, msewu wabwino wocokera kumudzi kufika pa tala ungathandize msanga kuposa njanji.

Mbali yanu ndi iti?

Mwina mukuti, "Aaa, izi ndi za anthu ophunzira, ife zikutikhudza pati?" Zikukukhudzani ndithu. Mafunso asanu omwewa amafunsidwanso pomanga msewu, mlatho kapena mzere wa magetsi. Ndipo malamulo athu amafuna kuti anthu a m'dera afunsidwe nchito yaikulu isanayambe.

Mainjiniya amabwera ndi makina, koma amakhala masiku ocepa, kawirikawiri m'cilimwe. Inu mwakhala pano moyo wanu wonse. Mumadziwa mtengo umene madzi anafikapo nthawi ya Freddy. Mumadziwa khwawa limene limaoneka louma koma limalusa mu Febuluwale. Mumadziwa pamene panagumuka, pamene pali kasupe, pamene pali manda akale opanda cizindikiro. Zimenezi pa cithunzi ca mumlengalenga sizioneka.

Conco amfumu kapena a boma akaitana msonkhano wa nchito yotere, pitani. Amayi, musatsale kunyumba, pakuti njira za kumadzi ndi kunkhuni mumazidziwa ndinu. Pemphani kuti akuonetseni mapu. Funsani kuti njira zimene akuziganizira ndi zingati, ndipo n'cifukwa ciani akonda imeneyi. Funsani kuti madzi a mvula adzadutsa pati. Funsani za malo owolokera anthu ndi ziweto. Funsani za cipukuta misozi ca minda, mitengo ndi nyumba, ndiponso kuti cidzaperekedwa liti. Zimene mwagwirizana zilembedwe. Muziwerenge nokha, kapena wina amene mumamukhulupirira akuwerengereni, musanasaine kapena kudinda cala. Lembaninso m'kope lanu tsiku la msonkhano ndi zimene analonjeza.

Nthawi yabwino yolankhula ndi pamene mzere udakali wa pensulo. Zikhomo zikakhomedwa m'munda, kusuntha njira kumavuta.

Titamaliza phunziro tsiku lija, amayi aja anayang'ananso mapu kwa kanthawi. Kenako analoza ndi cala n'kunena kuti: "Aphunzitsi, ngati adzabwere, asadzadutse apa. Apa m'dzinja ngakhale njinga timacita kusenza." Anzawo sanasekenso. Aliyense anayamba kuloza malo a kwawo.

Tikambirane

1. N'cifukwa ciani sitima siitha kukwera citunda ngati lole?

2. Njanji ikufuna kukwera mamita 200. Ngati ikukwera mita imodzi pa mamita 100 alionse, njira yake italika makilomita angati?

3. Njanji ya ku Nacala ndi yaitali kuposa ya ku Beira. Chulani zifukwa ziwiri zimene anaisankhira.

4. Jambulani mapu a mudzi wanu. Ikanipo mtsinje, dambo, manda, mjigo ndi malo amene madzi anafika pa cigumula cacikulu. Kenako jambulani njira ziwiri zimene msewu kapena njanji ingadutse, ndipo uzani anzanu imene mwasankha ndi cifukwa cake.